Wotchi ya Bambo a Chisomo ndi Nzimbe ya pa Msundwe

Amene anayamba kundiuza kuti kunja kuno kuli wotchi yowerenga mtima ndi mwana wanga woyamba, Chisomo, amene amaphunzitsa ku Kasungu. Anaimba foni Lamlungu lina titangoweruka ku tchalitchi. Ine ndinaseka. Ndinati, "Iwe, wotchi ndi ya nthawi. Mtima amaudziwa ndi Mulungu."

"Amayi, musaseke," anatero. "Imawerenga mmene mtima ukugundira, ndiye imanenanso kuchuluka kwa chakudya chimene thupi lawotcha munthu akamayenda kapena kugwira ntchito. Amati makalori. Abambo akufunika imeneyo."

Amuna anga, bambo a Chisomo, ndi mkulu wa mpingo kwathu kuno kuseri kwa Namitete. Chigulireni njinga yamoto chaka chimene fodya anayenda bwino, miyendo yawo inapuma pa ntchito. Kuchigayo pa njinga, kumaliro pa njinga, ngakhale ku tchalitchi kumene belu lake limamveka ngati likulira pakhonde pathu, pa njinga. Mimba inayamba kufika iwo asanafike. Mwezi wa Meyi anagwa m'chigafa akusankha fodya. Kuchipatala anati bipi yakwera moopsa. Anawapatsa mankhwala, ndipo adokotala sanabise mawu: akapanda kuchepetsa thupi, tsiku lina adzafa ziwalo. Anati aziyenda pansi tsiku lililonse.

Koma kunyumba nkhani inasintha. "Munthu wa njinga kuyenda pansi? Anthu ati ndasauka. Komanso ine ndimalima, si zolimbitsa thupi zimenezo?" Kulima kwake ndi kuja koima pansi pa mtengo wa mango n'kumaloza aganyu ndi chala. Ndiye Chisomo anati wotchiyo ndi imene idzaweruze, chifukwa abambo ake mawu a mkazi amawatsutsa koma nambala amaiopa.

Tinanyamuka Lachiwiri lina mu Julaye, chisanu chikuluma makutu. Ndisanatseke chitseko ndinapemphera kuti Ambuye atitsogolere kwa wogulitsa woona mtima. M'chikwama ndinaika buku la nyimbo, mmene ndinapanamo pepala la zimene Chisomo anandilembetsa, ndi buku la kuchipatala la bambo. Sabata imeneyo njinga yathu inalibe petulo, ndiye tinakwera kabaza, aliyense njinga yake, K2,000 mpaka pa tala. Wa kabaza amene ananyamula bambo anayamba watsina tayala la kumbuyo asananene kanthu.

Pa Namitete tinafika cha m'ma seveni. Minibasi ya m'tauni inali K5,000 munthu mmodzi. Titakhala, kondakitala anasuzumira mzere wathu n'kugwira pakamwa.

"Mzere uno timakhala anayi. Koma madala, inu nokha mwakhala awiri."

"Ndi madalitso amenewa, mwana wanga," anatero bambo.

"Ndamva, madala. Koma madalitsowo alipirenso."

Minibasi yonse inaseka, ndi bambo omwe, ngakhale ndinaona kuti akoka mimba pang'ono. Sitinalipire kawiri ayi. Amene analipira ndi ine, chifukwa ndinayenda ulendo wonse ndi tsaya pagalasi.

Pa Msundwe tinaima nthawi yaitali kudikira anthu. Mawindo anadzaza mabeseni: tomato, kabichi, zitumbuwa zotentha. Dzanja la bambo linali litayamba kale ulendo wopita ku zitumbuwa, ine ndinalibweza n'kuikamo nthochi. Ndekha ndinagula chidutswa cha nzimbe cha K500, chonenepa ngati mkono wa munthu, kuti ndizikatafuna pobwerera.

Pa Mpingu panakwera agogo ena aamuna a chipewa chaubweya. Atatifunsa kumene tikupita, bambo anayankha monyadira kuti tikukagula wotchi yowerenga mtima. Agogowo anandiyang'ana ine, kenako iwo. "Mayiwa atopa nawo kuuwerenga, eti?" Ndinati ine ndimauwerenga bwinobwino, koma mwini wake sakhulupirira zotsatira.

Mu depoti ku Lilongwe tinalowa cha m'ma hafu naini. Abale anga amene simunafikeko, kumeneko munthu suyenda mmene ukufunira, umayenda mmene khamu likufunira. Ndinakumbatira chikwama changa ngati mwana wodwala. Pakhonde la sitolo ina ndinatulutsa pepala lija n'kuwerenga mokweza. Chisomo anati wotchiyo iziwerenga mtima nthawi yonse, izilola kulembamo zaka ndi kulemera kwa mwini wake, ndipo batire lake lizikhala masiku angapo poti kwathu timatchaja pa sola.

Sindinamalize n'komwe, venda wina anali ataima kale patsogolo pathu, mawotchi ali m'mikono yonse mpaka m'zigongono.

"Bwana, mwandipeza! Orijino iyi. Mtima, makalori, bipi, shuga, zonse ili nazo. K35,000, koma poti ndinu oyamba lero, twente."

Anamanga ina pamkono wa bambo. Kunsi kwake kunayaka kanyali kobiriwira, ndipo pagalasi panabwera 75. "Eee, bwana! Mtima wa mnyamata wa mpira uwu!" Anawauza kuti agwedeze mkono. Anagwedeza kasanu kokha, makalori anafika 200.

Nkhope ya amuna anga inawala ngati tsiku la ukwati wathu. "Wamva, Nabanda? Madokotala aja amangoopseza anthu. Kugwedeza mkono kokhaku ndawotcha zonsezi, nanga kulima? Mankhwala aja ndingosiya."

Ndinaona kuti tikagula imeneyi, ndabweretsa m'nyumba mboni yonama, ndipo munthu wanga abwerera pansi pa mango. Ine sukulu ndinalekeza sitandade sikisi, za mawotchi sindizidziwa. Koma ndine mlimi. Feteleza sitigula tisanapise dzanja mpaka pansi pa thumba, chifukwa mchenga umakhala pansi.

"Achimwene, tandimangani inenso," ndinatero. Inati 76. "Nanga inuyo?" Anadzimanga, inati 74.

"Mwaona mayi? Tonse tili bwino. Mulungu ndi wabwino."

"Nthawi zonse," ndinayankha. Ndiye ndinasolola nzimbe ija m'chikwama, n'kuimanga wotchi bwinobwino ngati ikupita ku ofesi. Kanyali kanayaka. Anthu odutsa anayamba kuima. Tonse tinaweramira pagalasi.

77.

Nzimbe ya pa Msundwe inali ndi mtima, ndipo unkagunda kuposa wa mkulu wa mpingo. Mayi wina wogulitsa mtedza anaseka mpaka anakhala pansi. Vendayo sanachite manyazi n'komwe. Anati, "Nzimbeyi ndi yaiwisi, mayi, ikadali moyo." Ndinamubwezera wotchi yake, ndinamufunira malonda abwino a zinthu zina, n'kukoka amuna anga. Tinayenda mtunda ndithu. Kenako anati, "Nabanda, wandichititsa manyazi." Ndinati, "Si ine, bambo. Ndi nzimbe."

Masana tinadya mpunga wa nyemba m'kalesitilanti kena, K3,000 mbale. Bambo ankangocheukira panja pamene panali chiwaya cha tchipisi, koma nthawi ino sanapemphe. Titatha kudya tinafunsa m'sitolo ya mankhwala, ndipo anatilozera sitolo ina ya mafoni ya m'chipinda cham'mwamba, kutsidya kwa mlatho.

Masitepe ake anali ambiri. Pofika pamwamba bambo ankapuma ngati ng'ombe yokoka ngolo pachitunda. Mwini sitolo, mayi wamkulu ndithu wovala mpango wakuda, anawapatsa mpando ndi madzi asanatifunse chimene tikufuna. Pamenepo mtima wanga unayamba kukhazikika.

Atamva nkhani yathu anatulutsa zinthu ziwiri. Choyamba chinali lamba wakuda wotamuka wokhala ndi kanthu kolimba pakati. Anati ameneyu amamangidwa pachifuwa, mkati mwa malaya, ndipo ndi amene amawerenga molondola kwambiri chifukwa amakhala pafupi ndi mtima. Wotchi ya pamkono nthawi zina imasokonezeka munthu akagwira khasu mwamphamvu, kapena ikakhala yokhwepa.

Bambo anamutenga lambayo ndi zala ziwiri, ngati agwira njoka yakufa.

"Mayi, ine ndine mkulu wa mpingo. Ndivule malaya kumunda, anthu aone chingwe chakuda pachifuwa chili ndi kanthu pakati? Dzuwa lisanalowe mudzi wonse udziwa kuti ndavala chithumwa. Lamlungu lomwelo ndiitanidwa kubwalo la mpingo. Ine amene ndinatenthetsa zithumwa za anthu chaka chatha!"

Mayiyo anabisa kuseka mumpango. Ine ndinadziwa kuti apa akunena zoona, kwathu nkhani yotere siizimitsika. Komanso zinapezeka kuti lambayo amafuna foni yaikulu kuti uone manambala ake, pamene yathu ndi ya mabatani. Tinagwirizana za wotchi.

"Pepani mayi, musakhumudwe," ndinatero, "ndili ndi mboni yanga." Ndinatulutsa nzimbe ija. Nditawafotokozera za m'mawa anaseka mpaka misozi, ndipo anaimanga okha. Kanyali kanayaka, kanafufuza, kanafufuzanso. Pagalasi panangobwera timizere tiwiri, nambala ayi. Ndinati, "Ambuye alemekezeke, nzimbe yafa." Ndinawasiyira mayiwo kuti akatafune.

Kenako anati tilembemo zaka ndi kulemera, chifukwa popanda zimenezo makalori amakhala abodza. Pa zaka bambo ananena zoona. Pa kulemera anachotsapo makilo khumi ndi awiri nkhope ili gwa. Ine sindinatsutse, ndinangotsegula buku la kuchipatala n'kuliika pa tebulo. Mayiwo analemba za m'bukumo.

Ali chikhalire, wotchi inati 88. Mayiwo anawauza kuti atsike masitepe n'kukweranso pang'onopang'ono. Pobwera inali pa 131, ndipo makalori anangosuntha pang'ono chabe, osafika ndi khumi omwe. Bambo anakhala pansi n'kuyang'ana nambalayo nthawi yaitali ikutsika mwaulesi.

"Ndiye kuti mtima wanga umavutika chonchi ndi timasitepe iti?" anafunsa motsitsa mawu.

Mayiwo sanatinamize. Anati makalori a wotchi iliyonse ndi ongoyerekeza, tizingoyang'ana ngati lero taposa dzulo. Anati wotchiyi siyeza bipi ndipo si dokotala, mankhwala asasiye, komanso tikaionetse kuchipatala kuti akatiuze nambala yosayenera kupyola. Batire anati limakhala masiku asanu. Mtengo wake unali wa mbuzi yaikulu ndithu, koma Chisomo anali atatithandizapo, Mulungu amudalitse mwana ameneyu.

Tinakwera minibasi cha m'ma thu koloko. Njira yonse bambo anaika mkono pawindo, wotchi ili poyera. Pa Namitete tinatsika folo itangokwana. Anyamata a kabaza anathamangira. "Abusa, tiyeni! Amayi, kuno!" Ine ndinali nditakweza kale mwendo. Ndinangomva kumbuyo, "Nabanda, tsika. Tiyende."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Kuchoka pa tala kufika kwathu ndi mtunda woti ngakhale ine ndimauganizira kawiri. Koma ndinatsika msanga asanasinthe maganizo.

Sitinapite patali, tinakumana ndi a Mbewe, oyandikana nawo munda, ali pa ngolo.

"Akuluakulu, pansi lero? Njinga mwagulitsa kodi?"

Funso limeneli ndi limene bambo ankaliopa miyezi yonseyi. Koma iwo anakweza mkono m'mwamba ngati akuyambitsa nyimbo. "A Mbewe, bwerani muone. Handiredi ndi thwelofu. Uwu ndi mtima wanga, ukugwira ntchito. Inu pa ngolopo amene akuwotcha makalori ndi ng'ombe." A Mbewe anatsika, anayang'anitsitsa, anapempha kuti awayese. Bambo anakana, ati wotchiyo inalembedwa za munthu mmodzi.

Zinatero njira yonse. Aliyense wofunsa ankalandira ulaliki wa makalori. Tinapuma kamodzi pa kamlatho ka padambo nambala itakwera, tinamwa madzi, n'kudikira kuti itsike. Thukuta linanyowetsa kolala, nsapato za ku tchalitchi zinawatupitsa chala, koma sanatchule kabaza. Tinalowa pakhomo dzuwa lili pang'ono kulowa, mbuzi zikubwerera m'khola. Wotchi inati makalori 410. Anandiwerengetsa kawiri, kenako anati ndiimbire Chisomo kuti amve yekha.

Paulendowu ndinaphunzira kuti chinthu chokuuza zokoma chimapezeka pakhomo pa depoti pomwe, ndipo n'chotchipa, koma chokuuza zoona umachikwerera masitepe. Ndikuthokoza Mulungu chifukwa cha mayi a m'sitolo aja, amene ngakhale dzina lawo sindinafunse.

Tsopano patha masabata atatu. Mankhwala akumwa. Masiku ena amadzuka okha, masiku ena ndimachita kuwavundukula bulangeti. Mimba ikadalipo, sindinama, ndipo mwezi wamawa tibwerera kuchipatala kukamva ngati bipi yatsika. Inu amene mwawerenga, mutikumbukire m'mapemphero anu: bambo a Chisomo kuti asafooke, Chisomo ndi abale ake kuti akhale ndi bambo wawo zaka zambiri, komanso miyendo yanga ine Nabanda, chifukwa munthuyu wakanitsitsa kuyenda yekha.