Birimankhwe Amene Anaulula Mimba ya Bertina

Ku Tsangano mukafunsa za Bertina, anthu adzakulozerani dimba la kachewere kumunsi kwa tchalitchi, kenako adzakunong'onezani kuti mayiyo ndi wabwino koma saiwala. Akunena zoona. Bambo wina amene anabwereka khasu lake n'kulibweza lothyoka mpini amapatsidwa moni wa theka mpaka lero.

Bertina anawoloka malire kulowa m'Malawi ali kumsana pothawa nkhondo, n'kubwerera kwawo nkhondoyo itatha, moti Chipwitikizi anachiphunzira atasinkhuka kale. Mutu anali nawo. Atatha sukulu, amalume ake a ku Furancungo anamupezera malo pa kasukulu ka asisitere kophunzitsa atsikana kutaipa. Kompyuta inali imodzi yokha, yofunditsidwa nsalu ngati mkwatibwi, ndipo atsikana ankalandizana. Wopambana onse anali woti akalembedwe ntchito ku ofesi ina ya pabomapo, ndipo panalibe wa zala zopepuka ngati Bertina. Wachiwiri wake anali Felicidade, mnzake wa ponda apa m'pondepo, amene ankagona naye mphasa imodzi.

Pagalasi la kompyutayo pankakhala kabirimankhwe kojambula, kobiriwira. Ukangoyatsa kankatulukira pakona, kuyenda monyang'ama ngati kakuopa minga, kutembenuza diso limodzi, n'kufunsa ndi mawu a m'mphuno kuti, "Posso ajudar?" Ndiye kuti, ndikuthandizeni? Kankakumbutsa nthawi, kankawerenga mokweza, ndipo ukachedwa kulemba kankayasamula. Atsikana ankakakonda ngati kamwana ka pakhomo.

Ndiye Bertina anatenga mimba. Mwini mimbayo, mnyamata wogula fodya, atangomva anatha phazi osasiya ngakhale uthenga. Lamulo la asisitere linali lodziwika, wapakati azipita kwawo. Bertina anaganiza zomanga mimba ndi nsalu mpaka mayeso atadutsa, ndipo chinsinsicho anauza munthu mmodzi yekha, Felicidade, atamulumbiritsa.

M'mawa wina, mayeso ali pafupi, Bertina anakhala pa kompyuta sisitere ataima kumbuyo kwake. Kabirimankhwe kaja kanatulukira kosaitanidwa, kanatembenuza diso, n'kunena kalasi yonse ikumva: "A Bertina está grávida." Bertina ali ndi pakati. Kanabwerezanso, kuti amene anali panja asatsalire.

Musamuseke Bertina pokhulupirira kuti makinawo aona okha. Anthu ankanena kuti kuchipatala chachikulu kuli makina oona za m'mimba mwa munthu, nanga awa akanalephera bwanji mimbayo itagunda tebulo? Atsikana onse anakhulupirira choncho. Sisitere wokalambayo, amene makinawo ankawadziwa poyatsira ndi pozimitsira pokha, anachita chizindikiro cha mtanda, ndipo pofika masana Bertina anali atamanga katundu. Felicidade analira kuposa mwini tsoka, n'kumunyamulira chikwama mpaka pokwerera shapa, minibasi ya ku Tsangano, kumene kunali mayi ake aang'ono a Bertina.

Ntchito ija anaipeza ndi Felicidade. Mwana atabadwa, wamkazi, n'kumutcha Iolanda, Felicidade anapempha kuti akhale madrinya wake, mayi womuimira pa ubatizo. Bertina anagwetsa misozi yothokoza. Chaka chilichonse akakumba kachewere ankasankha zikuluzikulu, kusoka thumba, n'kutumiza kwa komadre wake, mayi mnzake wa mwanayo, ku Furancungo.

Felicidade sanaone mwana wakewake, ndipo banja lake linatha msanga. Chikondi chake chonse anachikhuthulira pa Iolanda. Nsapato zoyamba anagula ndi iye, tchuthi mwana ankakathera kwa iye, laputopu yoyamba inachokera kwa iye. Apa ndi pamene panali bala la Bertina. Mwanayo anali wake pobereka ndi polera, koma maso ake ankayang'ana ku Furancungo. Akabwera kutchuthi nkhani inali ya madrinya basi, mmene amavalira, mmene amalankhulira Chipwitikizi, mmene zala zawo zimathamangira pa kompyuta. Bertina ankamvetsera akuchotsa dothi m'zikhadabo, nsanje ikumudya, ndipo ankadzida yekha pochitira nsanje munthu wokoma mtima chotero.

Iolanda anakaphunzira za makompyuta ku Tete. Ali mwana, amayi ake ankamuopseza akanama kuti kuli kabirimankhwe ka pagalasi kodziwa zobisika, koma sanamuuzepo chimene kananena. Nkhaniyo inamukhala mwanayo m'mutu. Pa ntchito yake yomalizira sukulu anasaka zithunzi zakale za kanthuko, anakajambulanso, anakapatsa miyendo ndi mawu, n'kukaika pa intaneti kuti aliyense wa foni azikatsegula. Anabwera nako kumudzi m'nyengo yozizira, anthu akukumba kachewere, n'kupeza amayi ake kudimba.

"Amayi, tsekani maso, ndakubweretserani mlendo."

Bertina atatsegula maso, kanthu kaja kanali m'manja mwa mwana wake, diso likutembenuka. "Posso ajudar?" Anakuwa n'kugwera chagada pa mzere.

"Kachotse! Kanamizi... ayi, kamfiti ako! Kanena chiyani za ine?"

Iolanda anaseka mpaka kugwira nthiti. "Amayi inu, kanene chiyani? Kameneka n'kachidole, sikadziwa ngakhale dzina lake. Onani kabokosi aka. Mukalembamo mawu n'kuika nthawi, ikakwana kamatulukira n'kuwanena. Amati lembrete, chikumbutso."

"Kakale kaja si choncho."

"N'chimodzimodzi, Amayi. Ine ndangokopera kakale komweko, sindinawonjezere kanthu."

Bertina anadzuka n'kukhala pa mzere paja. Mphepo ya ku Tsangano ndi yozizira, koma iye thukuta linali chuchuchu. Munthu wodziwa za mimba ija anali mmodzi. M'mawa umenewo amene anayamba kukhala pa kompyuta anali munthu yemweyo, atapempha kuti asinthane malo chifukwa mutu ukumupweteka. Akuluakulu amati birimankhwe anatumidwa ndi uthenga n'kufika zinthu zitaonongeka kale. Uyu anachedwa zaka zoposa makumi awiri.

Anaganiza za matumba onse a kachewere aja, anaganiza za misozi ya pa shapa, ndipo mkwiyo unamukwera mpaka makutu analira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma kwa mwana wake anangonena kuti, "Tandiphunzitsa kulemba m'kabokosimo."

Zala zija zinali zitauma ndi khasu, koma zinali zisanaiwale. Masiku otsatira, akapuma kudimba, ankakhala pa thumba n'kumadina foni. Zinsinsi za Felicidade anali nazo zodzadza nkhokwe, pakuti ubwenzi wautali umaunjika zambiri. Zonsezo anazisiya. Za amuna a eni ake, anthu akanangoseka n'kuiwala. Iye ankafuna pamene pali mtima, ndipo ankapadziwa. Wina akanamulangiza kuti akhululuke, zakale n'zakale. Bertina akanamuyankha kuti mlandu suwola.

Mwayi unabwera wokha. Felicidade ankachita phwando lotsanzikana ndi anzake a kuntchito, pakuti anamusamutsira ku ofesi yaikulu ku Tete, komwe ankati akakhala nyumba imodzi ndi Iolanda. Atamva za ntchito ya mwana wake wa ubatizo anaimba foni ali kuseka. "Komadre, mubwere naye mnzathu wakale uja, anthu adzaone nzeru za mwana wanga!" Mwana wanga. Bertina anayankha kuti abwera naye ndithu.

Phwando linali pabwalo la nyumba ya Felicidade ku Furancungo, masana dzuwa likuswa mtengo. Kunali akuluakulu a m'maofesi, amayi a kutchalitchi, ndi ena awiri a pa kasukulu kaja, tsopano onenepa ndi a imvi. Bertina anathandiza kusenda ndi kukazinga, kenako anabwereka foni ya Iolanda kuti aone nthawi. Anaiona nthawiyo motalikirapo.

Anthu atakhuta, Iolanda analumikiza foni ku sipika ndi ku makina oonetsera zithunzi, n'kuonetsa kabirimankhwe pa khoma loyera. Amayi a pa kasukulu aja analulutira. Felicidade, atavala kapulana, nsalu yake yatsopano, anamukumbatira mtsikanayo m'mapewa n'kumauza alendo kuti mwanayu anamuumba ndi manja ake. Kanthu kaja kanayasamula, anthu n'kuseka. Kenako kanayenda kufika pakati pa khoma, kanatembenuza diso, n'kuyamba kulankhula Chichewa chopotoka, cha m'mphuno, koma chomveka mpaka kwa ophika kuseri.

"Felicidade, ine sindiona za m'mimba. Mawu aja unandilembera ndiwe. Bertina anakuuza iwe wekha, ndipo unamugulitsa kuti utenge ntchito. Mwana amene anali m'mimbamo ndi amene wamugwira paphewayo."

Kanabwerezanso. Bertina anali ataika kuti kabwereze.

Kuseka kuja kunathera pomwepo, nkhuku zokha n'kumatola mpunga pansi pa matebulo. Mmodzi mwa amayi a pa kasukulu aja anagwira pakamwa n'kunena, "Mayo ine, tsiku lija munasinthana malo."

Iolanda anazimitsa foni. Anayang'ana amayi ake, n'kutembenukira kwa amene anamugwira. "Madrinya, n'zoona?"

"Mwana wanga, tinali ana... kwathu kunalibe munda, ntchito inali imodzi. Ndakulera, Iolanda, zonse ndinachita..."

"N'zoona?"

Felicidade anayang'ana Bertina, maso akupempha. "Komadre, chonde."

"Komadre wako ndani?" anatero Bertina, ndipo kanali koyamba kumutchula iwe chibatizireni mwana. "Unadya ntchito yanga, unadya kachewere wanga, ukufuna upite ndi mwana wanga ku Tete? Muyankhe."

 Iolanda anachotsa dzanja lija paphewa pake pang'onopang'ono, anatola thumba lake, n'kugwada pang'ono monga achitira kwa mlendo. "Dona Felicidade, zikomo chifukwa cha chakudya. Ife tapita."

Felicidade anakhala pansi padothi ndi kapulana yake yatsopano, n'kulira kulira kwa pamaliro. Bertina anamudutsa pafupi, anafufuza mumtima mwake ngati muli chisoni, ndipo sanachipeze. Zimene anamva zinali kukoma.

Mu shapa yobwerera, fumbi likulowa pa mawindo, Iolanda anatsamira pa chitseko n'kumasisima, pakuti munthuyo ankamukonda zenizeni. Bertina sanamunamize kuti zonse zikhala bwino. Anamukoka n'kumugoneka mutu pamiyendo pake, manja okhakhala aja akumusisita tsitsi.

"Lira, mwana wanga," anatero. "Msewu uno ine ndinaulira kale, iwe uli m'mimba."