Nthungululu Pakati pa Nyimbo

Vayolini ndinaiphunzira zaka zambiri, koma ku Glasgow ntchito yoimba inkangondilambalala. Ndinkadyera kusambitsa nkhalamba ku Easterhouse, dera lina la mzindawo, zala n'kumang'ambika ndi sopo. Tsono nditapatsidwa mpata woimba ndekha m'holo ina, ndinamva kuti kubweranso mkulu wa gulu la oimba lomwe ndinkalilota. Ndinadziwa kuti mwayi umenewu ukandiphonya, basi kwanga kwatha.

Ndinaitana amayi a kutchalitchi kwathu kuti mipando isakhale yokhayokha. Iwo akanadziwa bwanji kuti nyimbo zakale zachizunguzi zimakhala ndi zigawo, ndipo pakati pa zigawozo munthu saomba m'manja? Ngakhale chifuwa amachita kuchimeza.

Nditamaliza chigawo choyamba, holo yonse inati zii, monga mwa mwambo wake. Pomwepo nthungululu inalira. Mayi wina anadzambatuka n'kufuula, "Mwana wathu ameneyo!" Azungu onse anacheuka. Chigawo chachiwiri chimayamba motsitsa ngati kunong'ona, koma uta wanga unkangodumphadumpha pa nsambo. Ndinadzimva ndekha ndikuiwononga nyimboyo mpaka kumapeto.

Mkulu uja anatuluka osandiyang'ana n'komwe. Panja amayi aja anandikumbatira mosinthanasinthana, misozi ili m'maso. Mtima wanga unkawira, koma ungawakalipire bwanji anthu amsinkhu wa mayi ako? Ndinangowagwira chanza n'kunena kuti, "Zikomo, mwandilemekeza."

M'mawa mwake ndinakwera basi ya ku Easterhouse. Mpaka lero, Lamulungu lililonse amayi aja amandifunsa, "Kodi mudzatiimbiranso liti?"