Mizere Yanga Imene Anachotsa

Ndinapita ku Salima kukaika pulogalamu ya maphunziro m'makompyuta a m'sukulu. Tinalipo awiri, ine ndi mnzanga wa kukoleji amene ankanditchula kuti sisi. Ntchitoyo ndinamupezera ndine, atatopa ndi kukhala pakhomo. Tonse tinkadziwa kuti pomaliza bungwe limene linatilemba ntchitoyo lidzasunga munthu mmodzi yekha.

Makompyutawo anali ochita kupatsidwa, akuda onse, ofanana ngati mapasa. Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kompyuta iliyonse inali ndi Linux, pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse, wamtundu wakewake. Pulogalamu yathu inkadalira laibulale ya C, kachigawo kamene mapulogalamu amatsamira akafuna kutsegula fayilo kapena kulemba pa sikirini. Laibulaleyo ikakhala yakale, pulogalamu inkayamba bwinobwino, n'kudzafa mwana akangotsegula phunziro la vidiyo.

Kudziwa msinkhu wa laibulaleyo kunandizunza. Ndinayamba ndi kuwerenga dzina la Linux, koma dzina limodzi linkabisa zaka zosiyana. Kenako ndinagwiritsa ntchito lamulo la pakompyuta limene limasindikiza nambala yake. Apanso Linux aliyense ankayankha mwachinenero chake, wina n'kuonjezapo manambala ena kutsogolo, ine n'kutola olakwika. Kompyuta ina inalibe n'komwe laibulale imene ndinkaifunayo, inali ndi yachibale chabe. Mapeto ake ndinalemba mizere yochepa m'gawo loikira pulogalamu, yofunsa laibulaleyo mwini wake. Ikayankha kuti ndi yakale, kapena ikangoti zii, kompyuta inkalemba mofiira n'kukana kuika chilichonse. Ndinkainyadira mizere imeneyo, sindibisa.

Tinagawana sukulu. Ine ndinapita cha ku Chitala, iye anatenga za ku Senga Bay. Kwanga zofiira zinkatuluka pafupipafupi, ndipo ndinkayamba ndakonza kaye kompyutayo, fumbi lili m'mphuno. Mnzanga anamaliza msanga. Tsiku lopereka makompyuta, mabwana ochokera ku Lilongwe anavundukula zitenje zimene tinaphimbira, sikirini iliyonse ikuwala, ana akuomba m'manja. Anamuyamikira iye kuti ndi wachangu. Ine anandiseka kuti ndimayenda ngati kabaza wophwa tayala, ndipo ndinaseka nawo.

Temu isanathe, madandaulo oti pulogalamu ikufa anayamba kubwera kuchokera kunyanja, ku Senga Bay. Pamsonkhano anafunsa amene analemba gawo loikira pulogalamu. Ndinakweza dzanja. Ndinayang'ana mnzanga kuti alankhulepo, koma maso ake anali pafoni. Bungwe linasunga iye.

Ndisanachoke ndinakwera minibasi kupita kusukulu ina ya ku Senga Bay, chifukwa mtima sunkandilola. Aphunzitsi aakulu, bambo achikulire ovala kofia, anandilandira pakhonde, fungo la usipa wa pathandala likubwera ndi mphepo.

"Mayi, inu tikukupepesani," anatero. "Koma anzanu aja atabwera, zofiira zinatuluka ndithu, wallahi ndinaziona ndi maso angawa. Anati imeneyo ndi nkhawa chabe ya achemwali awo, yongochedwetsa ntchito. Anafufutafufuta pamenepo, basi zinalowa."

Ndinakhala pasitepe. Sikuti mnzangayo analakwitsa posadziwa. Ndinali nditamufotokozera zonse tikudya chipisi, iye akugwedeza mutu, akutola za m'mbale mwanga. Munthu anandidyera masuku pamutu ine ndikumuitanira mchere. Ndinakwiya, koma chimene chinandipweteka kwambiri ndi foni ija pamsonkhano.

Patapita miyezi, ndili kwathu ndikusaka ntchito, uthenga wake unalowa. "Sisi, muli bwanji? Ija mumafunsira bwanji laibulale ija? Abwana akufuna zikonzedwe sabata ino."

Ndinafuna kumutukwana, mawu ndinali nawo okwanira. Koma ndinakumbukira ana aja akuomba m'manja kutsogolo kwa makompyuta oti afa mawa. Ndinamutumizira mizere yanga yonse, yomweyo imene anachotsa.

Anandiyankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu.