Tiyi wa Mkaka mu Injini

Dzulo pa Balaka minibasi ina inatulutsa utsi woyera, wonunkhira ngati shuga wopserera. Ndinakumbuka lole ya bambo anga, yomwenso inkatulutsa utsi wotere.

Ndili mwana, m'mawa uliwonse ndinkathira madzi mu rediyeta ya loleyo. Ankatha panjira koma osaoneka podontha, ndiye bambo ankandikwapula, amvekere ndimathira mwaulesi.

Tsiku lina pa Ulongwe, makaniko wina, Che Idi, anatsegula pothirira oyilo. Kunsi kwa chivindikiro kunali zinthu ngati tiyi wa mkaka.

"Sindinathiremo tiyi ine!" ndinalira.

Che Idi anaseka. "Iyayi mama. Gasiketi yotchinga madzi yapsa, madzi akulowa mu injini n'kusakanikirana ndi oyilo. Achimwene, mwanayu musamumenyenso."

Bambo sanapepese, anangondigulira mandasi.

Zikomo Che Idi. Mpaka lero, ndisanakalipire mwana, ndimayamba ndasuzumira kunsi kwa chivindikiro.