Bwato lomaliza la che Atumani

Kumpoto kwa Malindi, kumene phiri limatsika mpaka kutsala pang'ono kuponda m'madzi, mukafunsa za che Atumani anthu amayamba aseka, kenako n'kukulozerani njira. Ndi mmisiri wosema mabwato, ndipo mabwato okalamba ambiri amene ali gonegone pamchenga wa kumeneko anatuluka m'manja mwawo. Chosekacho n'chakuti eni akewo sanakwerepo ngakhale limodzi. Anabadwira kumtunda, cha ku Namwera, kunyanja kuno chinawabweretsa ndi ukwati basi. Madzi amene amawakhulupirira ndi a m'ketulo, osamba popita kokaswali. Asodzi akawaseka, iwo amangofunsa kuti, "Kodi wosema mtondo amasinja?"

Pakamwa ndiye Mulungu anawapatsa mosaumira. Maboti amatabwa atayamba kuchuluka, che Atumani ankati akaona limodzi likukocheza amatembenukira kumbali ngati aona chonyansa. Amene ankamva zowawa kwambiri anali Swadick, msodzi woyandikana nawo nyumba, mwini wa boti lamatabwa lopakidwa penti wobiriwira.

"Swadick, kabati yako ija yabwerako?" ankamufunsa m'mawa uliwonse. "Chinthu cha misomali si bwato, mwanawe. Ine tsiku limene ndidzakhome msomali pabwato langa, mudzandimete ndevu."

Swadick ankangoseka, poti kabatiyo ndi imene inkabweretsa ndiwo zomwe mkuluyo ankadya.

Luso lawo linali m'khutu. Akasema pang'ono ndi kasemasema, ankagogoda bwato ndi chala chopinda, khutu lili pamtengo, ndipo kaliridwe kake kankawauza ngati pakhuthala, papyapyala kapena pali mng'alu wobisala. Koma luso limafuna mitengo, ndipo mitengo ikuluikulu inatha iwo akuona. Zaka zambiri anakhala akusema nkhafi, mipini ndi mithiko, ntchito imene ankaigwira akung'ung'udza ngati munthu wodyetsedwa phala la odwala.

Ndiye kunabwera chimvula cha namondwe chija, chimene chinagumula milatho. Pamwamba paphiri, m'kachigwa ka pakati pa matanthwe, chinazula mtengo wa mbawa waukulu womwe ngakhale ocheka matabwa anali ataulephera chifukwa cha malo ake oipa. A komiti yoyang'anira nkhalango ya mudzi anati mtengo wodzigwera wokha ulibe mlandu, che Atumani autenge ngati ali ndi miyendo yokafikako. Miyendo anali nayo, ndipo chifukwa chokwerera analinso nacho.

Chifukwacho chinali Shamima, mwana wawo wamkazi. Mwamuna wake anapita ku Joni monga amachitira anyamata ambiri a ku Mangochi. Chaka choyamba ankaimba foni, chachiwiri ankangotumiza zithunzi atavala jekete, kenako zii. Shamima anatsala ndi ana awiri, n'kumapempha usipa wapangongole kumabwato a eni kuti akayanike. Bambo ake zinkawawawa kumuona ataima pagombe ndi beseni, akudikira kuti wina amukomere mtima. Akanakhala ndi bwato lakelake, anyamata akanamapita nalo panyanja, iye n'kumalandira gawo la mwini bwato osagwadira munthu.

Choncho che Atumani anayamba kukwera phiri tsiku ndi tsiku, kupatula Lachisanu. Apa ndinene zoona: chikondi cha mwana chinalipo, koma kunyada nakonso kunakwera nawo. Ankadziwa kuti limeneli ndi bwato lawo lomaliza, ndipo anafuna kuti likhale lalitali kuposa lililonse limene linayandamapo pagombe limenelo. Akazi awo, abiti Shafi, amene amamweta udzu wofolera m'phirimo chaka ndi chaka, anapatuka tsiku lina kuti aone ntchitoyo. Anayenda kuchokera kumutu mpaka kumbuyo kwa bwatolo, n'kuima manja ali m'chiuno.

"Bambo a Shamima, mukusema bwato kapena mlatho?"

"Inu za udzu zanuzo zatha?" anayankha che Atumani osadzutsa mutu.

Bwato losemedwa m'phiri silitsika lokha. Mwambo wake ndi wakuti mwini amalambula njira, amaphikitsa thobwa lambiri, ndipo amuna a m'mudzi amabwera ndi zingwe kudzakoka popanda malipiro. Malipiro ake ndi thobwalo, ndipo likachepa nkhani yake imakambidwa mpaka zidzukulu. Njira ya che Atumani sikanatha kulunjika kumunsi chifukwa cha maphompho. Inayambira m'munsi mwa thanthwe limene bwato linali pamwamba pake, n'kuyenda mopingasa phiri mtunda wautali ndithu, kenako n'kutsetserekera kumudzi. Anailambula motakasuka, yoyera ngati bwalo la mzikiti.

Tsiku lokoka linafika m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Amuna anakwera m'mawa ndi zingwe za makoka, Swadick ali patsogolo, amayi ali pambuyo ndi zigubu za thobwa pamutu. Atangofika, asanamange n'chingwe chomwe, abiti Shafi ananunkhiza mphepo n'kuyang'ana kum'mawa. Kuseri kwa msana wa phiri kunali kutuluka utsi.

Woyatsa sanadziwike mpaka lero. Otentha makala amati ndi ofula uchi, ofula uchi amati ndi osaka mbewa, osaka mbewa amati tsiku limenelo anali kumaliro. Moto wa m'phiri ndi mwana wamasiye nthawi zonse. Chimene chinkaoneka n'chakuti mphepo ya vuma inkaukankhira kumadzulo, ndipo ukangodumpha msanawo utsikira kubwato, kenako kumitolo ya udzu imene amayi anaunjika m'munsi mwa njira, kenako kunkhalango ya mudzi ndi nyumba zoyambirira zofolera udzu.

Asodzi ndi anthu olimba mtima, koma nzeru zawo zonse ndi zonyowa. Wina anati anyamata athamangire kunyanja ndi ndowa.

"Ukafike kuno ndi ndowa imeneyo uli utamwa theka, theka lina litakuthera kumsana," anatero abiti Shafi. "Thyolani nthambi zaziwisi. Moto wa kuno sitithira, timautsekera njira."

Anafotokoza mwachidule, poti nthawi inalibe ulemu. Njira yokokera bwato ija ndiyo inali mpanda wawo. Akayatsa moto wawo m'mphepete mwake, mbali ya kumtunda, ukwera kukakumana ndi unzakewo, ndipo wolusawo ukafika upeza podya patatha. Moto umapita kumene kwatsala tchire. Koma pafunika munthu aliyense aime panjirapo ndi nthambi, kuti pasadumphe ngakhale kalawi kamodzi.

Swadick anayang'ana kunyanja, kumene madzi anali atayamba kusintha mtundu chapatali. "Vuma ameneyu sachedwa kugona, mama. Dzuwa likafika pamutu ibwera mphepo ya kunyanja, yokwera phiri. Mukayatsa isanabwere, motowo utitembenukira."

"Ndiye ukhale ukuiyang'ana, utiuze," anatero abiti Shafi.

Onse anagwirizana, ndipo onse anapewa kuyang'ana che Atumani. Bwato linali kumtunda kwa njira, mbali yoti ipse. Kulitsitsa pathanthwe paja inali ntchito ya zingwe ndi zipika, yapang'onopang'ono, yofuna amuna onse mpaka madzulo. Moto ukanawapeza ali pakati, n'kuwoloka njira popanda woutchinga. Mkuluyo anazidziwa zonsezi asanauzidwe. Anakhala pansi pamwala, maso ali pabwato lawo.

Amene anayankhula ndi Shamima. "Baba, nyumba ya dothi simapsa makoma. Tilimate bwatoli."

"Ndi madzi ati, mwanangu?"

Shamima analoza zigubu.

Panamveka kubuula kwa amuna ambiri nthawi imodzi. Thobwa la mapira, logona masiku ake bwinobwino, lomwe fungo lake linawakweza phiri anthu ena amene sakanakwera ngakhale ataitanidwa ndi amfumu. Mkulu wina anapempha kuti alaweko kaye kakapu kamodzi kuti adziwe chimene akutaya. Abiti Shafi anamuyang'ana kamodzi kokha, iye n'kupita kukathyola nthambi.

Pafupi panali chulu. Che Atumani anachigumula ndi nkhwangwa, Shamima ndi amayi anzake awiri akuponda dothilo ndi thobwa, n'kumamata bwato kunja ndi m'milomo. M'kati anathiramo dothi louma. Zibenthu za miyezi yonse ija zinali mbwee paliponse, zouma ngati fodya, ndipo anazikankhira kutali mmene akanathera, koma zambiri zinali zitalowa m'ming'alu ya miyala kumbuyo kwa bwato, kumene dzanja silifika. Anayambira kumutu, akumata, akumata, njuchi zikuwazungulira chifukwa cha kutsekemera. Atatsala pang'ono kufika kumbuyo, Shamima anapendeketsa chigubu chomaliza ndipo munatuluka madontho okha.

Thobwalo linali lokwanira bwato la munthu wamba. Che Atumani anayang'ana mbali yotsala yosamatayo, yaitali ngati mkono wawo, ndipo mawu a mlatho aja anawabwerera m'khutu. Anachita manyazi, manyazi enieni.

Kumunsi Swadick anaitana kuti mphepo yatembenuka. Che Atumani ndi amayi aja anatsika pathanthwe mogwirana manja, phulusa likuwagwera m'mutu. Panjira anthu anali atandanda kale, aliyense ndi nthambi yake. Abiti Shafi anali ndi muuni wa udzu m'manja, koma sanayatse. Anaupereka kwa amuna awo.

"Bwato ndi lanu. Ndisadzamve kuti ndinakutentherani ndine."

Che Atumani anati Bismillah, n'kugunditsa muuniwo paudzu.

Zotsatira zake anthu amazikamba mosiyanasiyana, aliyense akudziika pamalo pamene panatentha kwambiri. Choona n'chakuti moto wawo unakwera mothamanga, mphepo ya kunyanja ikuukankha, ndipo utsi unaphimba thanthwe lija moti bwato silinaonekenso. Malawi ena ankayesa kubwerera kunjira, anthu n'kumawapuntha ndi nthambi. Pamalo pena chipika choyaka chinagubuduka kuchokera kumtunda n'kuwoloka njira, ndipo asodzi anayi anachithamangira n'kuchikwirira ndi dothi la m'manja, akutukwana mwa Chiyao. Nsapato zapulasitiki zinasungunuka, ndevu za ena zinawauka, pakhosi pa aliyense panauma gwa, ndipo panalibe amene anaiwala kuti zakumwa zamatidwa pamtengo. Moto wa mbali ziwirizo unakumana chakumtunda ndi mkokomo waukulu, kenako unayamba kufooka. Dzuwa likupendeka, kumtunda kwa njira kunali lupsa lokhalokha, kumunsi udzu wa amayi uli chiunjikire.

Anadikira kuti miyala izizire pang'ono, kenako che Atumani anakwera, Shamima ndi Swadick ali pambuyo. Bwato linali pomwe analisiya, dothi lija litauma n'kung'ambikang'ambika ngati mphika wowotcha, ndipo ponseponse pankanunkhira chimera chokazinga. Mkuluyo anagamula dothi kumutu, anapinda chala, n'kugogoda khutu lili pamtengo. Anasuntha pang'ono, n'kugogodanso. Anayenda choncho bwato lonse, Shamima akuwatsatira ngati munthu woperekeza wodwala kwa dokotala. Mtengo unkayankha bwino, mawu ake ali onona, mpaka pamene thobwa linathera. Kuyambira pamenepo kunali makala. Kumbuyo konse kunali kutapsa mpaka kubooka, moti munthu akanatha kulowetsa mutu n'kusuzumira m'kati.

Bwato lotseguka kumbuyo ndi mgolo womwetsera ng'ombe, ndipo onse atatu ankadziwa zimenezo. Ankadziwanso kuti mankhwala ake ndi amodzi okha: kudula mbali yopsayo n'kutseka ndi thabwa. Swadick, amene anali ndi ngongole ya chipongwe cha zaka zambiri yoti abweze, anayang'ana kumbali n'kumachita ngati akuchotsa minga kuphazi.

"Baba," anatero Shamima motsitsa mawu, "liyandama?"

Che Atumani anayang'ana mwana wawoyo. Manja ake anali otupa ndi dothi la chulu, nsalu yake itabooka ndi nthethe za moto, ndipo m'maso mwake munali mantha omwe aja amene ankawaona akaima pagombe ndi beseni. Anagwira ndevu zawo, zomwe zinali zitawauka kale mbali imodzi.

"Liyandama, mama. Inshallah lidzakwezanso ana ako." Anatembenuka. "Swadick."

"Ee, baba."

"Kwanu kuja kungapezeke thabwa labwino? La mlombwa, osati zinyalala zimene unapangira kabati yako ija." Anasisitanso ndevu zawo. "Ndi misomali. Ubwerenso ndi hamala, udzandionetse mmene mumakhomera."