Mabelo a alamu anga, nambala yanga

Lachiwiri m'mawa ndikusankha fodya m'chigafa kwathu ku Santhe, anafika alamu anga, mng'ono wawo wa malemu amuna anga. Anavula chipewa, nalonjera mwaulemu wopitirira muyeso. Ndinadziwiratu kuti pali nkhani.

"Alamu, mabelo anga asanu apite ku okushoni pa nambala yanu."

Kwa inu amene simulima fodya, ndifotokoze. Mlimi aliyense amagulitsa pa nambala yake, ndipo banki imene inamukongoza feteleza imadula ngongole yake pomwepo. Belo likadzera pa nambala ya wina, banki imaona ngati mlimiyo sanakolole kanthu.

"Nanga ngongole ya feteleza?" ndinafunsa.

"Banki siisauka, alamu. Mwaiona ikugona ndi njala? Ine ndili ndi ana kusukulu. Kapena mwalembedwa ntchito ya ulonda kumeneko?"

Ndinakana. Bambo ameneyu ndi amene anandifolerera chigafa chaka chimene ndinaferedwa. Koma ndinakana.

Kodi timaganiza kuti banki imazitenga kuti ndalama zimene imatikongoza? Penshoni yanga ya uphunzitsi ili momwemo. Wagolosale wa pamsika amasunga momwemo. Tenanti amene wachoka kutali kudzalima pa esiteti, kangachepe kake amakaika momwemonso. Feteleza amene anathira alamu anga anagulidwa ndi thukuta la anthu amenewa.

Sindikuyeretsa mabanki. Chiwongoladzanja chawo n'chopweteka, ndipo nthawi zina ngongole imatuluka mvula itagwa kale. Zimenezo tizidzudzule poyera, pamsonkhano, maina athu akudziwika. Kuzembetsa mabelo si kudzudzula. Ndi kuboola nkhokwe imene tonse timatapamo.

Banki ikayamba kudwala siilira. Imangochepetsa okongozedwa, n'kukweza chiwongoladzanja, kenaka n'kusiya kubwera kumidzi. Paja chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa.

Alamu anga ananyamuka osatsanzika. Lachinayi ngolo yawo inadutsa pakhomo panga, mabelo asanu ali pamwamba, kulunjika kwa msuweni wawo kuti akadzere pa nambala yake. Sanayang'ane kumbali.

M'kalabu ya ngongole ya alamu angawa ali anthu khumi, ndipo lamulo lake n'lakuti mmodzi akalephera, onse amatsekeredwa. Mmodzi mwa iwo ndi Nabanda, mayi wamasiye amene anabweza yake yonse, atagulitsa ndi mbuzi zomwe.

Nazale zikadzakula, feteleza n'kukanizidwa, ndani mwa ife adzapite kukamuuza Nabanda kuti banki siisauka?