Kope la bambo la mbiri ya ku Chisi

Ndikukumbukira kope la bambo lachikuto chofiira, lomwe ankalisunga m'jumbo ya shuga pansi pa matiresi. Bambo anali mlangizi wa zaumoyo ku Misuku, koma kwawo kunali ku Chisi, chilumba cha m'nyanja ya Chilwa. Akapita kutchuthi ankakhala ndi nkhalamba za kumeneko n'kumalemba: ndani anayamba kufika pachilumbacho pothawa nkhondo, ndani anabala yani, manda a banja lililonse ali pansi pa mlambe uti. Kopelo linkanunkha matemba ouma ndi palafini.

Ndili sitandade 7, aphunzitsi anati aliyense afotokoze mbiri ya kwawo. Anzanga ananena za mapiri ndi khofi. Ine ndinanena kuti kwathu nyanja imauma, anthu n'kuwoloka wapansi, mabwato atagona pamatope ong'ambika. Kalasi yonse inafa ndi phwete.

“Utesi!” anakuwa Lusekelo, yemwe ndinkakhala naye desiki imodzi, kutanthauza kuti bodza m'chiyankhulo chawo. “Nanga nsomba zinakwera minibasi?”

Ine mtima wanga ndi wapachala, chibadwire. Mawa lake ndinaba kopelo kuti ndimutseke pakamwa. Kunali kamvula kosakata kaja, nkhungu ili goo m'nthochi, njira ikuterera ngati sopo. Ndinakumana naye pamlatho wamitengo. Asanawerenge n'komwe anandilanda, n'kulikweza m'mwamba.

“Iwe wakumwera, mabodza mpaka kulemba m'buku?”

Ndinamudyetsa chibakera chapamphuno. Tinagubuduzana, ndipo nditadzuka kope linali m'madzi, litakodwa pamwala.

Bambo sanandimenye. Bola akanandimenya. Anamatula masamba limodzilimodzi ndi mpeni, n'kuwayanika pathandala la khofi la aneba. Inki inali itasungunuka, tsamba lililonse labuluu ngati nsalu yosuluka. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka, magalasi ali m'manja.

“Mwanawe, onse amene anandiuza izi anagona,” anatero. “Ndikafunsenso ndani?”

Anayesa kulembanso za m'mutu, koma anangofika masamba anayi n'kusiya. Ine kusukulu anandiimitsa sabata ziwiri chifukwa cha mphuno ya Lusekelo, ndipo manyazi ndi mkwiyo sizinandilole kubwererako. Bambo atamwalira tinawaika komweko ku Misuku. Abale awiri amene anachokera ku Chisi anafunsa za kopelo maliro asanathe n'komwe. Amayi anangoti linatayika posamuka, osandiyang'ana.

Lero ndimayendetsa njinga yamoto pa Boma. Zinthu zinasintha: mwana aliyense wa pasiteji atha kutsegula foni n'kuona Chilwa itauma, anthu akupalasa njinga pomwe panali madzi. Palibe amene angandisekenso. Koma foniyo sidziwa amene anayamba kukoleza moto pachilumba paja. Ine ndatsala ndi mayina awiri okha a makolo a m'kope lija, ndipo sindidziwa kuti bambo ndi uti, mwana ndi uti.